Sewero la Yohane laimitsa chinkhoswe

Moni nonse. Chinkhoswe cha mchimwene wathu Yohane chaimitsidwa.

Misa itatha lero, achinyamata anachita sewero pabwalo la tchalitchi kuno ku Kabwazi. Yohane anasewera ngati mwamuna wankhanza. Mkazi wa m'seweromo anamugwadira ndi beseni la madzi osamba m'manja. Iye osamuyang'ana n'komwe, anangolikankha ndi phazi n'kupitiriza kumvera wailesi. Madzi anakhuthukira pa chitenje cha mtsikanayo.

Amalume ake a Rita, bwenzi la Yohane, anaimirira pomwepo. "Kakankhidwe kameneka si kophunzira dzulo ayi. Mwana wathu sapita kumeneko."

Aphunzitsi amene analemba sewerolo anawauza kuti ndi nkhani yopeka. Koma anavomera kuti analemba zoti mwamunayo akalipe basi, za phazi sanalembe.

Nditamufunsa Yohane, anati: "Achemwali, ndinangokumbukira mmene ankachitira malemu bambo." Amayi anali pambali panga. Anangokonza mpango kumutu.

Ankhoswe akumana mawa kwawo kwa Rita. Tikawauze kumene Yohane anazitenga, kapena tikhale chete? Amayi akuti tisankhe ife ana.