Dzanja Lachiwiri pa Nsalu ya Nana Petring

Nana Petring Rabago sankakhulupirira munthu, ngakhale wansembe. Anayamba kuwomba nsalu ali ndi zaka khumi, ndipo pofika mu ukalamba anali atatsimikiza kuti tauni yonse ikufuna kuwabera chinthu chimodzi: kawerengedwe ka ulusi wa binakol, nsalu ya mizere yozungulira ngati kamvuluvulu. Amayi awo anawasiyira nzeruyi m'mutu, osati papepala. Mlendo akangoti odi, iwo ankayamba aphimba chowombera ndi chiguduli, kenako n'kuyankha. Ngakhale Marites, mkazi wa mwana wawo, yemwe anakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri mwamuna wake ali kuntchito pa sitima zapamadzi, ankaloledwa kukulunga ulusi basi.

Chaka chilichonse pa chikondwerero cha owomba nsalu, atsikana a m'dera lawo ankavina mumsewu popikisana ndi madera ena, atavala nsalu za Nana, akumenyanitsa timitengo monga amachitira opuntha thonje. Ulemu wonse wa Nana unali pamenepo, ndipo ankautchinjiriza ngati nkhuku ya anapiye.

Chaka china maso awo anali atachita ng'ala, koma kukayikira kunali kukuonabe bwinobwino. Akadzuka ku tulo ta masana, ankapeza mpando wa pachowombera wasuntha pang'ono. Anamanga tsitsi limodzi pa chiguduli, n'kulipeza litaduka. Mlandu anaukankhira kwa Manang Ising woyandikana nawo, amene ankabwera ndi mbale ya ndiwo zamasamba za pinakbet kawirikawiri mopitirira muyeso. Ndiwo zaulere zili ndi maso, anatero Nana, ndipo anasiya kumuyankha moni. Marites anati mwina ndi mphaka.

Pa tsiku la chikondwerero dzuwa linaswa mtengo. Nana anakhala pampando m'mbali mwa msewu, ng'oma akuzimva m'chifuwa, ovina akuwaona ngati utsi wamitundumitundu. Gule atatha, mtsikana wotsogolera anabwera kudzaika dzanja lawo pamphumi pake monga mwa ulemu wa kumeneko, iwo n'kugwira siketi yake kuti aisisite.

Zala zawo zinaima. M'munsi munali ntchito yawo, yolefuka pang'ono. Koma chapakati nsaluyo inali yothina, yosalala, yosaphonya ulusi ndi umodzi womwe, ndipo mfundo zolumikizira zinali zomangidwa chamanzere. Manang Ising sanali wamanzere. Wamanzere anali ataima pambali pawo, atawagwirira ambulera.

"Iwe Marites, wakhala ukundibera kuyambira liti?"

Mpongoziyo, amene ankawatchula kuti Nanang, kutanthauza mayi, sanakane. "Chino n'chaka chachinayi, Nanang. Mumadumpha ulusi. Mukagona masana ndimamasula, n'kuwombanso."

"Nanga kawerengedwe anakuuza ndani?"

"Mumawerenga mokweza, Nanang. Ngakhale mphaka akukadziwa."

Nana anafuna kukwiya, koma mkwiyo unakana kubwera. Chimene chinabwera ndi manyazi, owawa kwambiri. Zaka zinayi zimenezo ndi zomwe anthu ankati dzanja la Nana Petring likukoma ndi ukalamba, iwo n'kumavomera monyada kumsika ndi kutchalitchi komwe.

Pa chimkuzamawu olengeza anatchula dera lawo kuti ndilo lapambana, kenako dzina la mwini nsalu, kuti aimirire anthu amuone. Khamu lonse linatembenukira kwa iwo. Marites anawerama kuti awadzutse, koma Nana anamulanda ambulera ija.

"Akuitana amene anawomba," anatero. "Ukuyang'ana ine chifukwa chiyani? Pita, ndipo uwongole msana."