Baji ya mkungudza inasungunuka pamutu panga

Inu owerenga, ine si munthu wopusitsika chisawawa, ndipo amene amandidziwa ku Likhubula angandichitire umboni. Koma ndinapusitsidwa ndithu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndi munthu amene nkhope yake sindiidziwa mpaka lero. Anandipeza pa foni yanga yomwe. Ndikukuuzani kuti inu musadzaponde pamene ndinaponda ine.

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi yotsogolera alendo okwera phiri la Mulanje. Akazi ogwira ntchito imeneyi tilipo ochepa, ndipo sindibisa, ndimainyadira kwambiri. Alipo amuna ena amene poyamba ankati ndikangofika pa nsonga ya Chambe miyendo idzandikana. Lero nkhungu ikatseka njira, omwewo amayang'ana kwa ine.

Pa ntchito yathuyi pali kamwambo kena kamene anthu a kumunsi sakadziwa. Alendo ambiri amabwera ndi mabaji ang'onoang'ono achitsulo, obaya pa chipewa kapena pa chikwama, a mapiri amene anakwerapo ndi a kwawo kumene achokera. Mukafika pamwamba bwinobwino, mlendo amachotsa baji yake, iwe n'kuchotsa yako, n'kusinthana. Ndalama sizilowapo. Kusinthanako ndi kunena kuti takwera limodzi, ndakudalira ndipo sunandigwiritse mwala. Chipewa changa chinadzaza mpaka kulemera, ndipo baji iliyonse ndimatha kukuuzani mwini wake ndi nyengo imene inali m'phiri tsiku limenelo.

Pakati pa alendo anga panali bambo wina wachikulire wa ku Zomba, ndingowatcha a Mwale. Ankabwera chaka ndi chaka ndi akazi awo, mayi wansangala wokonda mabaji kuposa ine. Chaka china a Mwale anabwera okha. Akazi awo anali atatisiya. Tikupuma panjira anandiuza kuti malemuwo anamwalira akufunafuna baji imodzi yokha: yakale, yobiriwira, yokhala ndi chithunzi cha mtengo wa mkungudza, imene inapatsidwa kwa anthu ochepa amene anathandiza kubzala mitengoyi m'phirimo kalekale. Anati ndikawapezera, adzandipatsa baji imene akazi awo analandira atakwera phiri lalitali la ku Tanzania. Baji imeneyo ndinali nditaiona pa chipewa cha malemuwo, ndipo ndinkaisirira mpaka mate kudzaza m'kamwa.

Apa ndi pamene pakamwa panga panandipachika. Ndinadziguguda pachifuwa n'kuwauza kuti m'Mulanje muno mulibe baji imene ingandithawe.

Ndinafunsa kwa akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'phiri. Ena anati anaiona, ena anati inatayika, wina anati ana anaseweretsa. Nthawi yoti a Mwale abwerenso inayandikira ine ndili chimanjamanja. Ndiye ndinalemba pa gulu lina la pa intaneti la anthu osinthana ndi kugulitsana mabaji. Tsiku lomwelo munthu wina anandiyankha kumbali. Anati ali ku Muloza, ndipo baji imene ndikufunayo ali nayo. Ananditumizira chithunzi chokongola, mkungudza uli chilili, utoto uli waliwali.

Inu owerenga, zizindikiro zonse zinalipo, koma ndinazitsinzinira dala. Chithunzi chinali chimodzi chokha, cha kutsogolo. Nditapempha cha kumbuyo anati foni yake yavuta kamera. Nditamuimbira sanayankhe, anangolemba kuti ali pa boda, m'malire a dziko, pali phokoso. Mtengo wake unali wotsika modabwitsa. Kenaka anandifunsa ngati ndikufuna ziwiri, poti anali nazo zingapo. Tamvani zimenezo! Chinthu chimene nkhalamba za m'phiri zinalephera kuchipeza, iye anali nacho chambiri ngati tomato wa pa Nkando. M'malo modabwa, ine ndinasangalala kuti ndipeza yanganso. Anandifulumizitsa kuti pali wina wa ku Blantyre akufuna kutenga zonse, ndipo ndinatumiza ndalama pa foni osaganizanso kawiri.

Katundu anabwera ndi kondakitala wa minibasi, ndinakalandirira pa Chitakale. Mabaji awiri, okulungidwa m'kapepala ka pulasitiki. Ndinaona kuti akupepuka, ndipo ankanunkha guluu, koma mtima wanga unali kale pa baji ya ku Tanzania ija. Imodzi ndinaibaya kutsogolo kwenikweni kwa chipewa changa kuti aliyense aione. Inayo ndinawasungira a Mwale.

A Mwale atabwera, tinakwera nawo pamodzi ndi Jowasi, mnzanga wonyamula katundu amene ndagwira naye ntchito zaka zambiri. A Mwale anali atafooka poyerekeza ndi kale, koma anakakamira mpaka tinafika pa Sapitwa, pamwamba penipeni pa phirili. Kunja kunali kowala. Pamenepo ndinatulutsa baji ija n'kuwapatsa. Bambo aja anaiyang'ana nthawi yaitali, anatchula dzina la akazi awo, n'kuyamba kulira ngati mwana. Ine ndi Jowasi tinayang'ana kumbali. Atadzigwira mtima anaikulunga m'kampango n'kuiika m'kachitini, kenaka anachotsa baji ya malemuwo pa chipewa chawo n'kuibaya okha pa changa. Sindinayambe ndadzimva wamkulu ngati tsiku limenelo.

Tsiku lotsika kunagwa chiperoni, kamvula kathu kaja kosaoneka kukula koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Tinafika ku Likhubula madzulo, a Mwale anatsanzika n'kupita kukagona ku boma kuti m'mawa abwerere kwawo. Galimoto yawo itangokhota, Jowasi anandiyang'ana n'kuphulika kuseka.

"Achemwali, mwayamba liti kudzola zobiriwira pamphumi? Kapena mwasanduka bilimankhwe?"

Ndinapukuta pamphumi, dzanja linabwera lobiriwira. Nditavula chipewa, mutu unaima. Mabaji ena onse, amene anyowapo ndi mvula zaka ndi zaka, anali gwa, akuwala monga mwa masiku onse. Koma ya mkungudza ija inali itatupa ngati chigumu chonyowa. Nditaikanda ndi chikhadabo, chithunzi chonse chinasendeka. Linali pepala losindikiza, lomatidwa pa kachitsulo kopyapyala n'kupakidwa guluu pamwamba. Kumbuyo kunalibe chidindo chilichonse, ndipo kasingano kake kanali katayamba kale dzimbiri.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mayankho onse ndinkayenda nawo pamutu. Ndikanangoiika pambali pa baji ina iliyonse ya pa chipewa changa, ndikanaona kusiyana. Yeniyeni imalemera m'dzanja. Utoto wake ndi wowotcha, wolimba ngati wa mbale zachitsulo zakale zija, ndipo pakati pa mitundu pamadutsa timizere tachitsulo tomveka ndi chala. M'mphepete mwake ndi mosalala, simukola nsalu. Kumbuyo kumakhala chidindo cha amene anaipanga. Zonsezi ndinkazidziwa, koma dyera linanditseka m'maso.

Jowasi atamvetsa nkhani yonse anasiya kuseka. Anati, "Asa! Koma mverani kuno, achemwali. Yawoyo ili m'chitini, mvula siidzaiona. Mdalayo wapita ndi mtima woyera. Mukawauza mukangowaphera chimwemwe. Ingokhalani phee."

Sindinganame, mawu amenewo anandikomera. Jowasi sankanena mwa nkhanza, ndipo mbali ina ankanena zoona. Koma ndinayang'ana baji ya malemu ija pa chipewa changa. Mayi uja anaivutikira ndi miyendo yake, mwamuna wake anaisunga ngati diso, ndipo ine ndinali nditaitenga posinthana ndi pepala. Kaya ndinkadziwa kaya sindinkadziwa, imeneyo sinali yanga. Ndikanaivala bwanji pamaso pa alendo, n'kumawafotokozera mbiri yake?

M'mawa ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku boma. Ndinawapeza a Mwale akulongedza zikwama m'galimoto. Anasangalala pondiona, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chilichonse. Ndinawaonetsa baji yanga yosendekayo, n'kuwafotokozera zonse mosabisa: za pa intaneti, za munthu wa ku Muloza, za kufulumira kwanga. Kenaka ndinaika baji ya akazi awo m'dzanja lawo.

Anatsegula kachitini kaja, anakanda pang'ono m'mphepete mwa baji yawo, pepala linatukuka. Nkhope yawo inasintha.

"Ndiye mukundiuza kuti pamwamba paja ndinalirira pepala?"

Ndinati, "Munalirira amayi, bambo. Za pepalazo mlandu ndi wanga."

Iwo anati, "Mukanapanda kubwera, sindikanadziwa mpaka kufa."

Ndinawayankha kuti ine ndikanadziwa, ndipo chipewacho ndimavala ndine.

Musaganize kuti anandikumbatira kapena kundiyamikira. Ayi. Anaponya baji yabodzayo pampando, analowa m'galimoto n'kunyamuka osatsanzika. Ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso, koma mutu ndinali nditautukula. Wogulitsa uja nditamuimbira, nambala yake inali itazima. Ndinalemba chenjezo pa gulu lija pamodzi ndi zithunzi za baji yosendekayo, ndipo anthu angapo anatulukira n'kunena kuti nawonso anawachita zomwezo, koma ankachita manyazi kuulula. Manyazi amenewo ndi amene amanenepetsa akuba otere.

Tsono inu owerenga, makamaka inu okonda mabaji, kaya a mapiri, a mpira kapena a mabungwe a kumpingo, ndimvereni. Musagule baji pongoona chithunzi chimodzi. Muuzeni wogulitsayo ajambule kumbuyo ndi m'mbali, aiike padzanja lake kapena pambali pa chinthu chimene mwatchula inuyo, kuti mudziwe kuti alidi nayo. Akayamba za kamera yowonongeka, muthaweni. Chinthu chosowa chikapezeka chambirimbiri kwa munthu mmodzi, pamtengo wa mandasi, dziwani kuti akupangira kuseri kwa nyumba. Funsani pagulu ngati alipo amene anagulapo kwa iye, ndipo wokufulumizitsani kutumiza ndalama musamumvere. Katundu akafika, musathamangire kukaonetsa anthu ngati ine. Yerekezani bajiyo ndi ina imene mukuidziwa kuti ndi yeniyeni, muikande pang'ono, muidonthezere madzi. Ndipo koposa zonse, musapereke kwa munthu wina chinthu chimene inu simunachiyese, chifukwa ndalama zotayika zimabwerera, koma munthu amene anakukhulupirirani sabwerera wamba.

A Mwale sanabwerenso kudzakwera nane. Ndimamva kuti amakwera ndi wina, kudzera njira ina, ndipo zimandiwawa chifukwa ndinkawalemekeza ngati bambo anga. Sindiwaimba mlandu. Ndinawalonjeza chinthu chimene ndinalibe, ndipo ndinawaliza pamaso pa anthu.

Koma baji ya akazi awo ili m'nyumba mwawo ku Zomba, kumene iyenera kukhala. Palibe anandigwira, palibe anandikakamiza. Ndinaibweza ndekha, ndipo pa zonse zimene ndachitapo m'phiri lija, chimenechi ndicho ndimachinyadira kwambiri.