Ndinanenerera Msonkho Woti Kulibe

Inu owerenga, ine ndi munthu amene sindinagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, mu Chipata, ndipo anzanga amati ngakhale bokosi la maliro anga ndidzadzuka kuti ndinenerere. Koma luso lomweli ndi limene linandipusitsa, mpaka ndinatsala pang'ono kuwatayitsa alongo anga njinga yawo.

Alongo angawo ndi a Esinati, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Miyendo yawo inapuwala ali mwana. Makolo atamwalira ndinawatenga, timakhala limodzi kwathu ku Chiparamba. Amalandira thandizo la boma la anthu olumala, ndipo pa ndalama imeneyo ankapatula pang'onopang'ono kuti adzagule njinga yopalasa ndi manja. Ankafuna kumapita okha kutchalitchi, chifukwa kubereka munthu wamkulu pa njinga yanga kunkawachititsa manyazi iwo, ine n'kumandithyola msana.

Geni itakula, anzanga anandiuza kuti ndikalembetse za msonkho. Ndinapita m'tauni, koma mzere umene ndinaupeza pa ofesi unandifoola. Ndili chiimire panja, anandipeza bambo wina wovala tayi, cholembera m'thumba, nsapato zonyezimira. Anati ndi a Zulu, amathandiza anthu kuti asataye nthawi pamzere. Ine kumva za njira yachidule, makutu anaima.

Tinakhala pansi pa mtengo. Anandifunsa za geni, kenako za anthu amene ndimawasunga. Nditatchula a Esinati ndi thandizo lawo, bamboyo anagwira kumutu ngati wamva za maliro. Anati ndalama iliyonse yolowa m'nyumba mwanga iyenera kulembedwa ndi kudulidwa msonkho, ndipo poti zaka zonsezi sitinalembe, akuluakulu akadziwa adzawachotsa alongo anga pa thandizo. Anatchula ndalama yoti nkhaniyo ithe. Inali pafupifupi ndalama yonse ya njinga ija.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanalowa mu ofesi kukafunsa. Ine ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinaseka, ndinadandaula za mvula, ndinanyamuka ngati ndikupita, iwo n'kundikoka malaya. Tinalimbana mpaka anatsika kufika pa theka. Inu owerenga, ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Ndinkadziona ngati munthu woyamba m'dziko muno kugonjetsa boma pa mtengo.

A Esinati anachita mantha atamva zochotsedwa pa thandizo. Anandipatsa ndalamayo, ine n'kukapereka m'mawa mwake. Madzulo ake ndinayamba kudzitama momwe ndinawapanikizira a Zulu. Alongo anga anasiya kusoka, n'kundiyang'ana.

“Iwe, wati anatsitsa?”

“Mpaka theka, alongo. Mukundidziwa ine.”

“Boma linayamba liti kutsitsa mtengo ngati likugulitsa tomato wa dzulo?”

Ine amene ndimadziwa bwino kuti wogulitsa akatsika msanga ndiye kuti katunduyo ali ndi chilema, sindinadzifunse chifukwa chake bambo uja anatsika mosavuta chonchija. Ndinatanganidwa ndi kupambana, osaona kuti chimene ndikugulacho kulibe.

Kutacha ndinabwerera ku ofesi ija, ndipo ulendo uno ndinaima pamzere mpaka ndinalowa. Mayi amene anandithandiza anandiuza kuti thandizo la alongo anga silidulidwa msonkho, ndipo si langa kuti ndiliphatikize ndi za geni yanga. Poti iwo alibe ntchito yolipidwa kapena geni, analibe choti alembe. Akadzayamba geni yawo, pamenepo ndiye adzabwere kudzafunsa. Za a Zulu, anati mu ofesimo mulibe munthu wotero, ndipo msonkho sulipiridwa pansi pa mtengo.

Ndikanatha kungolira. Koma ndinaganiza kuti mbava ndi wamalonda ngati ine ndemwe, ndipo wamalonda sakana kasitomala. Ndinawaimbira foni a Zulu, ndikuwathokoza ngati andipulumutsa m'madzi. Ndinati ku Chiparamba kuli anthu ambiri olandira thandizo, onse sanalembe, onse ali ndi mantha, koma sangathe kubwera m'tauni. Anayamba kunyinyirika za mtunda. Ndinati basi, pali bambo wina amene wati atithandiza motchipa. Nthawi yomweyo anafunsa njira.

Anabwera tsiku la msonkhano wa olandira thandizo, tayi yomweyo, chikwama m'manja. Pabwalo la sukulu anapeza anthu atakhala, a komiti yoona za thandizo ali kutsogolo, ndipo kumbuyo kunakhala wapolisi amene tinamuitana, atavala za wamba. Ndinawalandira ndi manja awiri n'kuwapempha kuti afotokozere anthu za msonkho uja. Anafotokoza bwino kwambiri, mpaka ndinatsala pang'ono kukhulupiriranso. Atamaliza, wapampando wa komiti anawapempha chitupa cha ntchito. Wapolisi anaimirira. Tayi ija inayamba kuwathina.

Anandikokera pambali n'kunong'ona.

“Achimwene, tikambirane ngati amuna. Ndibweze theka, zina ndinadya kale.”

A Esinati anamva ali pamphasa.

“Auze kuti kuno sititsitsa!”

Anthu anafa nacho chiseko. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, ine ndinaima pa mtengo umodzi. Anakhuthula m'chikwama, anaimbira abale awo, ndalama zinalowa pa foni ya alongo anga mpaka zinakwana. Zotsalazo anakakambirana ndi apolisi.

Tsopano mverani, inu amene mukusunga m'bale wolumala. Ndalama yake ndi yake, musaiike pa malonda a nzeru zanu. Wina akakuopsezani kuti m'bale wanuyo achotsedwa pa thandizo, pitani kwa a komiti kapena mulowe mu ofesi, mufunse munthu wokhala pa desiki, ngakhale mzere utalike bwanji. Ndipo wokhometsa msonkho akavomera kutsitsa, gwirani thumba lanu.

Njinga inagulidwa. Wogulitsa atatchula mtengo, ine ndinakonza kukhosi kuti ndiyambe. A Esinati anandiletsa, anati ndatsitsa zokwanira chaka chino. Ananenerera okha, ndipo anatsitsa kuposa momwe ine ndikanathera. Lamulungu lililonse amandipitirira pamsewu akupalasa, belu likulira, osandipatsa ngakhale lifiti.