Msana wa Achoko

Ana ankawatcha Achoko, chifukwa buluku lawo silinkadziwika mtundu wake weniweni ndi fumbi la choko. Anali ataphunzitsa masamu pasukulupo mpaka ana oyamba omwe anawaphunzitsa anayamba kubweretsa ana awoawo. Kale anali munthu wanthabwala, woti ankaseketsa kalasi ndi samu yogawa. Koma chimwalirireni akazi awo, ankangolowa, kulemba pa bolodi, belu likalira n'kutuluka. Chisoni sankachimva, china chilichonse sankachimvanso. Tiyi ankamwa chifukwa choti wathiridwa.

Chaka chimenecho kunabwera mlangizi wa aphunzitsi, mayi wachitsikana woyenda ndi foni komanso kachitsulo ka miyendo itatu koimikapo foniyo. Ntchito yake inali kujambula phunziro, kenako kukhala pansi ndi mwini phunzirolo n'kuonera limodzi. Aphunzitsi ena ankachita kusita zovala ngati akupita kukaonekera kwa apongozi. Achoko anangovala jekete lawo lakuda la masiku onse.

Ahedi anali atawauza kale mosapsatira mawu kuti mlangizi ajambula kawiri, ndipo kachiwiriko zikapanda kusintha, kalasi apatsa wina, iwo azikasunga mabuku m'chipinda cha katundu. Achoko anayankha kuti chabwino.

Mlangizi atajambula koyamba, anaonera muofesi, awiriwiri. Foni inali itaimikidwa kumbuyo kwa kalasi, ndiye zomwe zinkaoneka ndi mitu ya ana ndi msana wa munthu. Msanawo unkalemba, kufufuta, kulembanso. Mtsikana wina anakweza dzanja, litatopa analichirikiza ndi linzake, kenako n'kulitsitsa mwakachetechete.

"Mwaonapo chiyani, aphunzitsi?" anafunsa mlangizi.

"Ndaona kuti dazi layamba."

Mlangizi sanaseke. "Phunziro lonse simunacheuke, bambo. Ana amenewa nkhope yanu amaidziwa?"

Achoko anayang'anitsitsa foniyo. Kenako analoza ndi chala. "Taimitsani apo. Zimatheka kukulitsa?"

Mlangizi anakulitsa, akuganiza kuti akufuna kuona dzanja la mtsikana uja. Koma iwo ankayang'ana kolala ya jekete. Panali mzere wa ulusi wobiriwira, wokhotakhota. Anasoka ndi akazi awo, atayamba kale kudwala, wakuda utawathera. Achoko atadandaula, mayiwo anati, "Valani choncho. Inu simudzauona. Ana anu akamaseka muzingocheuka n'kuseka nawo."

Anali ataiwala. Chaka chathunthu ana akhala akuuyang'ana ulusi umenewo, ana omwe amaseka ngakhale nkhuku ikalowa m'kalasi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatulutsa mano. Ankawamvera chisoni. Achoko anadikira kuti mwina misozi ibwera, koma siinabwere. Chinabwera ndi manyazi, pang'ono chabe, ngati mwendo wadzanzi ukayamba kumva.

"Ndibwerenso liti?" anafunsa mlangizi.

"Mawa lomweli, mayi."

M'mawa mwake foni inaimanso pamalo pake. Achoko anatenga choko, dzanja linapita lokha ku bolodi, n'kulemba deti. Linafuna kupitiriza. Iwo anaponya choko m'thumba n'kutembenuka.

Nkhope zinali zambiri kuposa mmene ankaganizira. Zonse zinkawayang'ana, zina pakamwa yasa. Anafunafuna mtsikana wa dzanja uja, koma ankangomudziwa ndi kunkhongo. Pamzere wakutsogolo panalibe mwana ndi mmodzi yemwe woti akanamuitana ndi dzina. Kumbuyo, mlangizi anayang'ana wotchi. Phunziro linali litayamba kudyeka.

"Masamu adikire," anatero Achoko. "Iwe wapakhomo, yamba ndiwe. Dzina lako ndani?"

Mwanayo anaimirira pang'onopang'ono, n'kuyang'ana anzake.

"Ndinakuuzani tsiku lotsekulira sukulu, aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Ndiuzenso."