Masitolo Onse Atavala Zakuda

Masitolo anayi a pa intaneti amene ndimayang'anira kuno ku Milange anaumbidwa m'chikombole chimodzi. Eni ake, amalonda a mumsika, anagulira limodzi kamangidwe ka tsamba. Dzina ndi zithunzi aliyense ali ndi zake, koma mtundu wa tsamba ndi wogawana: ndikasintha pamodzi, pasintha ponse. Kuwalekanitsa n'kugwetsa zonse n'kuyambiranso.

Imodzi mwa masitolowo ndi loja ya malume, ogulitsa zipangizo za njinga. Akazi awo, amene anandilera, atamwalira, malume anandiitana.

"Mphwanga, loja yanga ivale zakuda."

Ndinawauza kuti masamba a masitolo enawo adanso. Anagwedeza mutu, koma maganizo anali kumanda. Munthu wofedwa ungamukanize bwanji? Ndinasintha, n'kumati ndi za sabata imodzi.

Sipanatenge nthawi, mayi ogulitsa madiresi aukwati anatulukira pakhomo panga, mpweya uli m'mwamba.

"Iwe, ukufuna kundiphera geni? Mkwatibwi wa ku Muloza wabweza diresi, akuti za patsamba la maliro ndi malodza!"

Sankanama. Madiresi oyera aja ankaoneka ngati ayanikidwa pasiwa. Ndinalonjeza kubwezeretsa zoyera pompo, dzanja lili kale pamakina a kompyuta.

Apo ndi pamene malume anafika akukankha njinga. Anaigoneka pansi n'kugwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri.

"Mayi, ndaona. Inu, a zitenje, a mbewu, nonse mwavala zakuda kulira nane. Ine ndimayesa ndatsala ndekha."

Analira. Chiikireni maliro ndinali ndisanaonepo msozi wawo.

Mayi aja anayankha mofatsa. "Zovutazi ndi zathu tonse, bambo. Kaya tivala mpaka liti?"

"Mpaka tidzamange chiliza, tikakolola."

Chimanga chinali chisanafike n'komwe m'maondo.

Dzanja ndinalichotsa pamakina. Mantha anandigwira, chifukwa ndikabweza zoyera ndiye kuti ndawalanda malume anthu olira nawo, ndikasiya ndikuwapha mayiwo ndi njala. Palibe amene akanandichotsera mtolowo, popeza makinawo ndimawadziwa ndine ndekha.

Nyengo yonse ya mvula ndinkazungulira kuseri kwa msika kuthawa maso a mayi a madiresi aja. Tsiku lina ndinawaona patali akuyanika madiresi ogulitsa pachingwe m'mbali mwa msewu wopita kumalire, minibasi zikuwathira matope. Malume anadutsa, n'kuvula chipewa kuwathokozanso. Mayiwo anawerama n'kuwomba m'manja.