Asiyatu wandigwadira pa bwalo la ndege

Salamu aleikumu ana anga nonse, lero mtima wanga ukuvina, ukuvina!

M'mawa ndinakwera kabaza mpaka ku kabwalo ka ndege kaja, kupitirira Nkopola, kukachingamira mdzukulu wanga Asiyatu. Zaka zitatu osamuona. Panjira ndimadzifunsa, mwana woyendetsa ndege, pamaso pa azungu ake, andivomera ine wa zikang'a kumapazine?

Kandege katera mwaulemu ngati kakowa pamchenga. Atsika alendo ochokera ku chilumba cha Likoma, ofiira psuu ndi dzuwa. Kenako iyeyo, malaya oyera mbee, mpango kumutu uli chimangire.

Ana inu, atangondiona kumpanda wathamanga, wagwada pa phula lotentha! Akuti, "Anganga, mwadzuka bwanji?" Ine nthungululu, nthungululu!

Ndiye nkhalamba ina yachizungu yayesa ndi lamulo la pabwalo, nayonso yandigwadira. Kudzuka kwaikanika, tachita kuidzutsa awiri, alonda akufa nalo phwete.

Asiyatu akuti Loweruka andikweza, ndikaione nyanja kuchokera kumwamba. Koma ine ngakhale bwato limandipatsa chizungulire. Che Jafali, mjomba wake ndinu, mukuti bwanji? Ndikwere? Yankhani msanga, chifukwa nsalu yatsopano ndagula kale.