Ndinapatsa Wandale Maikolofoni pa Maliro a Mnzanga

Inu owerenga, ine ndinapatsa munthu wandale maikolofoni pa maliro a mnzanga wapamtima, ndipo zotsatira zake mwana wa malemuyo anachotsedwa ntchito. Ndayesa kudziuza kuti sindinkadziwa, kuti ndinkafuna zabwino, koma ndatopa nako kudzinamiza. Ndangoti ndiyale nkhaniyi poyera, mwina wina mwa inu angaleke zomwe akuganiza kuchita.

Ndimakhala kunja kuno, m'katawuni kena kogundana ndi mzinda wa Indianapolis. Dzina lake sinditchula. Ndi kamalo koti ukamayendetsa galimoto uku ukucheza umangopezeka wakadutsa, koma kali ndi meya wakewake, makhansala ake, ndi ndale zake zoyabwa ngati chitedze. Ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto yotenga odwala kupita nawo kuchipatala. Kwathu ku Balaka ndinali mlembi wa chipani kudera, ndipo matenda amenewa sanatsale pabwalo la ndege ayi, ndinakwera nawo. Ndikangomva fungo la kampeni, magazi amayamba kuthamanga okha.

Amene anandilandira kuno ndi a Kamwendo. Anandigoneka pabalaza pawo mpaka nditapeza nyumba, anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto msewu utaterera ndi chipale, ndipo ana anga ankawatcha agogo ngakhale sitinali pachibale. Anali munthu wofatsa, wodana ndi ndale. Ndikayamba zanga ankangoseka n'kunena kuti ife kuno tinabwera kudzasaka, osati kudzagawa dziko la eni.

Mwana wawo Limbani ankagwira ntchito kukhonsolo ya tawuni yathu, kunthambi yosamalira mapaki, malo a mitengo ndi maluwa opumirako anthu. Anali atakwatira, ali ndi khanda. Ntchito yake inali ya kontirakiti yomwe ankaiwonjezera chaka ndi chaka, ndipo mkulu wa nthambiyo anaikidwa pampando ndi meya. Mfundo imeneyi ndinkaidziwa bwinobwino. A Kamwendo atadwala kwambiri, ndinapita kukawaona kuchipatala, ndipo anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Achimwene, Limbani ndi wanu.” Ndinavomera ndi mtima wonse.

Chaka chimenecho chinali cha zisankho za meya. Wopikisana ndi meya wathu anali bambo wina womwetulira nthawi zonse, ndipo pano ndizingomutcha Msekereni. Anagogoda yekha pakhomo panga, anadya mandasi a mkazi wanga n'kuwayamikira, anayesa kunena “muli bwanji” lilime likupindika. Analonjeza kuti akapambana adzakhazikitsa komiti yolangiza meya pa nkhani za anthu ochokera kunja, ndipo ine ndidzakhalamo. Abale inu, munthu woti tsiku lonse umangokhalira kukweza ndi kutsitsa njinga za odwala, wina n'kukuuza kuti ukhala m'komiti ya meya! Mutu unakula tsiku lomwelo. M'mawa mwake chikwangwani chake chinali chitazikidwa kale pakapinga panga.

Mwana wanga wamkazi Tadala amaphunzira mbiri yakale pasukulu yaukachenjede ku South Bend. Nthawi imeneyo ankalemba za timatawuni ta ku England ta zaka mazanamazana zapitazo. Atabwera kutchuthi n'kuona chikwangwanicho, anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti ndisamale. Anati ngakhale kalekalelo, gulu lina likalanda khonsolo linkasesa anthu a gulu linzake mpaka wolondera pamsika ndi woimba belu, chifukwa m'tawuni yaing'ono aliyense amadziwa amene wapatsa moni ndani. Ndinamuseka. Ndinati zimenezo ndi za m'mabuku, kuno kuli malamulo, ndipo asandiphunzitse ndale ine amene ndinayendetsa kampeni iye asanabadwe.

A Kamwendo anamwalira kampeni ili pachimake. Thupi linali loti lipita kumudzi, koma tinakonza mwambo wa mapemphero m'holo ya tchalitchi kuti anthu akuno atsanzike. Monga mwa nthawi zonse, woyendetsa mwambo ndinali ine. Amalawi akuno ankati ndili ndi pakamwa pabwino, ukwati kapena maliro sizinkayenda popanda ine.

Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu. Akalankhula a kubanja ndi a mpingo, amaimirira akhansala, kenako aphungu, ndipo anthu pobwerera amati malemu uja anali munthu, mpaka olemekezeka anafika. Ndinaganiza kuti a Kamwendo akuyenera ulemu umenewo. Koma ndisakunamizeni, pansi pamtima panalinso china. Ndinkafuna Msekereni aone holo itadzaza, adziwe kuti munthu amene wamulonjeza mpandoyu ali ndi anthu. Ndinamuitana. Mayi Kamwendo, mkazi wa malemu, sindinawafunse. Ndinati ali pachisoni, ndisawavutitse ndi zing'onozing'ono.

Mkulu wa mpingo atangokhala pansi, ndinalengeza kuti pakati pathu pali mlendo wolemekezeka, n'kumupatsa maikolofoni. Anayamba bwino, koma dzina la malemu analikhotetsa moti achinyamata kumbuyo anayang'anana. Anayesanso kachiwiri, linamukanikabe, n'kungolisiya. Atatero analowa nkhani ya misewu yokumbika ndi misonkho, n'kumati anthu akhama ngati “bwenzi lathuli” akhala akuiwalidwa ndi amene akulamula tawuni. M'holomo munali azungu ogwira ntchito ndi Limbani, ndi abwana ake omwe. Ndinawaona akuweramitsa mitu. Kuno wandale salankhula zotere pamaliro, koma ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndili pamsonkhano ku Balaka.

Atamaliza anapita pomwe panakhala a kubanja n'kumukumbatira Limbani. Mnyamatayo akanatani, akanamukankha pamaso pa bokosi la bambo ake? Mayi wina amene anabwera ndi Msekereni anajambula. Tsiku lotsatira chithunzicho chinali patsamba la kampeni, ndi mawu oti anthu ochokera ku Africa a m'tawuni muno ali pambuyo pake. Limbani maso otupa ndi kulira, Msekereni mano onse panja.

Limbani anandiimbira foni. “Ankolo, mwaona zimene apositi? Abwana andifunsa ngati ndajoina kampeni.” Ine ndinamuyankha kuti asadandaule, tikuwina, ndipo chaka chamawa bwana adzakhala iye mwini Limbaniyo. Mawu amenewa amandipweteka mpaka lero. Ndinamupempha Msekereni kuti achichotse chithunzicho, anati alankhula ndi anyamata ake. Chinakhala pomwepo mpaka tsiku lovota.

Sitinawine. Meya wakale anabwereranso pampando, ndipo kontirakiti ya Limbani itatha sanamuwonjezere. Anamuuza kuti nthambi ikusintha kagwiridwe ka ntchito. Anzake onse a kontirakiti ngati yake anatsala. Za chithunzi palibe anatchula, ndipo ndi pamene ndinamvetsa zomwe Tadala ankanena. Malamulo alipodi, amaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha ndale, koma umakagwira ndani pamene aliyense akukumwetulira n'kumati pepani? M'tawuni yaing'ono safunika kukuuza chifukwa, amangosiya kukufuna.

Ndinayamba kuimbira Msekereni kuti athandize mnyamatayo kupeza pena. Poyamba ankati aona. Kenako foni inkangoitana. Patapita miyezi ndinaona chithunzi chake m'nyuzipepala ya m'deralo, akudula riboni limodzi ndi meya yemwe uja, onse akuseka. Anali atapatsidwa mpando m'komiti ina ya khonsolo. Njovu zinali zitagwirizana, udzu wopondedwa unali Limbani.

Banja la a Kamwendo linasamukira ku South Bend, komwe mayiwo ali ndi mng'ono wawo. Limbani anapeza ntchito yonyamula katundu mosungira zinthu, munthu amene ankakonda mitengo ndi maluwa ake aja. Amalawi anzanga sanandinene m'maso. Kungoti ukwati wotsatira unayendetsedwa ndi wina, ndipo ndikalemba kanthu pagulu lathu la pafoni pamangokhala zii.

Ndinazengereza nthawi yaitali, kenako ndinanyamuka ulendo wa ku South Bend. Msewu umenewo ndi wautali ukakhala ndi mlandu, minda ya chimanga yokhayokha mbali zonse. Mayi Kamwendo anandilandira mwaulemu, anandiikira tiyi, anafunsa za mkazi wanga ndi ana. Ndikanakonda akanandilalatira. Nditapepesa ananena motsitsa mawu kuti, “Alamu, ndinakhululuka kale. Ntchito Limbani adzapeza ina. Koma amuna anga anali ndi tsiku limodzi lokha loti anthu awatchule dzina bwinobwino, inu munalipereka kwa munthu woti dzinalo sankalidziwa n'komwe.” Limbani atalowa kuchokera kuntchito anandipatsa moni wa m'basi, mawu oti ankolo sanatuluke, ndipo anapitirira kuchipinda.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli kunja kuno, sindikuti musavote kapena musalowe ndale. Ngati muli ndi ufulu wovota, kavoteni. Ngati mukufuna chikwangwani, zikani pakapinga panu, chifukwa pakhomopo ndi panu. Koma musatenge anthu anzanu ngati katundu wokaonetsa kwa wandale. Musanamuitane pamwambo uliwonse, funsani eni mwambowo, ndipo muyambe mwaganiza kuti m'chipindamo muli ndani amene mkate wake uli m'manja mwa khonsolo. Zimene kwathu timati ndi ulemu, kuno zikhoza kukhala chingwe pakhosi pa mnzanu. Ndipo mwana wanu akakuchenjezani, musayambe mwawerenga zaka zake.

Zisankho zina zayandikira, zikwangwani zayambanso kumera m'makomo mwa anthu. Tsiku lina wina anagogoda pakhomo panga atanyamula timapepala take, akumwetulira ngati Msekereni. Ndinamumvera mpaka anamaliza, ndinamuthokoza, n'kutseka chitseko. Magazi aja sanathamange, ndatopa. Ndinakhala pansi n'kukumbukira dzanja la a Kamwendo kuchipatala kuja. Mnzanga anandisiyira mwana kuti ndimuyang'anire, ine ndinakamuimika kutsogolo kwa kamera ya munthu wosamudziwa, pambali pa bokosi la bambo ake.